Ndeke Imene Ndinaichepetsa ndi Zala Ziwiri

Ndeke yanga ili ndi mpando umodzi, ndipo aliyense wobwera kudzaiona amafunsa chifukwa chake. Anthu ophunzira ndimawayankha za kulemera ndi za mphamvu ya injini. Yankho limenelo si bodza, koma linabwera pambuyo. Chimene chinayamba ndi mkwiyo. Ndinaimanga choncho n'cholinga chakuti munthu mmodzi, alamu anga, mlongo wake wamkulu wa mkazi wanga, asadzakhalemo ngakhale tsiku limodzi.

Ndinabadwira muno mu Kafue. Bambo anga anachokera ku Katete kudzagwira ntchito ya njanji, ndipo ine ndinaphunzira ukalipentala. Zaka zambiri ndinazithera pa fakitale ina ya kuno, ndikusema zikombole zamatabwa zimene anzathu ankaumbiramo zitsulo. Ntchito imeneyo imakuphunzitsa kuti kamzere ka pensulo ndi lamulo. Ukaphonya ndi chikhadabo chokha, chitsulo chonse chimakatayidwa kudzala, dzina lako n'kumveka mpaka kugeti. Ndinatuluka mmenemo ndili munthu wokonda kuyeza ndiponso wosachedwa kupsa mtima, ndipo zonse ziwirizi ndikadali nazo.

Za ndeke ndinazitengera kwa mdala wina amene kale ankakonza tindeke topopera mankhwala m'minda ya nzimbe kutsidya kwa mtsinje. Atapuma pa ntchito anadzakhala kufupi ndi kwathu. Tsiku lina anabweretsa mpando wothyoka mwendo, ndipo ataona mmene ndinaulumikizira popanda msomali, anandikokera kwake n'kunditulutsira mapepala akale, achikasu, a mapulani a kandeke kamatabwa.

"Iwe," anatero, "ndeke ni kabati chabe. Koma ni kabati yamene siunganamize."

Matenda a ndeke anandigwira tsiku lomwelo. Mapulaniwo anali a mipando iwiri yoyandikana, phiko lili m'munsi. Mpando wakumanja ndinaulonjeza kwa mkazi wanga. Iye anabadwira ku Chanyanya, ndipo ndinamuuza kuti tidzatsata mtsinje mpaka akaone kwawo ali m'mwamba, mabwato ndi madenga omwe. Anandiseka. Koma kuyambira pamenepo, akamasesa mu shedi ankalambalala matabwa anga ngati pagona mwana.

Moyo wa ndeke yamatabwa uli pa thabwa limene limadutsa m'kati mwa phiko, kuchokera ku thupi la ndeke mpaka kunsonga. Ife tinkalitcha msana, chifukwa nthiti zonse za phiko zimamatidwa pamenepo, ndipo likathyoka uli m'mwamba nkhani yathera pompo. Mapulani ankatchula mtengo wakunja umene kuno sumera, choncho tinayamba kuyesa yathu. Mukwa ndi wokongola koma wolemera. Mukusi ndiye chitsulo chenicheni. Bulugamu amapotoka akamauma. Wotsala anali paini, wopepuka bwino, koma paini wathu ndi mfundo zokhazokha. Ine ndinkafuna wopanda mfundo ngakhale imodzi, mizere yake yothinana ndi yowongoka kuyambira uku mpaka uko, wotalika kuposa mamita anayi.

Zaka ziwiri ndinayenda kwa ogulitsa matabwa a m'mbali mwa msewu wa ku Lusaka, kugubuduza milu yawo thabwa limodzilimodzi. Ankati akandiona ndikutsika panjinga amayamba kung'ung'udza ndisanapereke n'komwe moni. Ndinapeza anayi. Tizidutswa ta kumapeto kwake tinkatikoloweka matumba a mchenga mpaka tithyoke, mdala akulemba m'kabuku kake. Kenako matabwawo ndinawagoneka pansi pa denga la shedi kwa madzinja atatu, mwezi uliwonse n'kumawatembenuza kuti aume mofanana. Atauma ndinawapala ndi pulena, n'kujambula ndi pensulo malo okhala nthiti: kamzere pa masentimita khumi ndi asanu alionse, kalikonse ndi nambala yake.

Alamu anga anali bambo wamkulu thupi ndi mawu omwe. Ankagula nsomba ku Chanyanya n'kumakagulitsa ku Lusaka pa kalole kawo, ndipo anali ndi munda ndi nyumba ku Shimabala. Apongozi anga aamuna anamwalira kalekale, choncho iwo ndiwo anali mutu wa banja. Ndiwonso anandilandira pamene ndinkafunsira mbeta. Pamaso pawo ndinkavula chipewa. Akabwera kwathu ankaima pakhomo la shedi, kuwala konse n'kutsekeka, n'kufuula:

"Ba pailoti! Shani, yauluka? Siku izauluka, ine ndine first kukwela. Mwamvela ba mulamu? First!"

Ndinkamwetulira, monga amachitira munthu wokwatira kwa eni.

Chaka chimene matabwa anauma, amalume anga anamwalira ku Katete, ndipo ndinakakhala kumeneko milungu iwiri. Ndinabwerako m'mawa wa tsiku limene mwana wamkazi wa alamuwo ankakwatiwa. Sindinafike n'komwe kunyumba. Ndinatsikira pa Shimabala ndi chikwama changa.

Anandikhazika pa benchi latsopano pansi pa tenti. Ndinatsamiza dzanja pathabwa, ndipo dzanjalo linazindikira mutu usanazindikire. Kusalala kumeneko kunali kwa pulena yanga. Ndinayang'ana pakati pa miyendo yanga. Panali kamzere ka pensulo, pambali pake nambala seveni, yodulidwa pakati monga ndimalembera ine. Ndinadzutsa mutu n'kuwerenga. Mabenchi asanu ndi atatu. Thabwa lililonse analidula pakati ndi sowo wobuntha, n'kulikhomera miyendo ya bulugamu ndi misomali ikuluikulu yoboola pamwamba. Zaka zisanu za moyo wanga zinali pansi pa matako a anthu akudya mpunga ndi nkhuku.

Mkazi wanga anabwera ali ndi beseni la mbale m'manja, ndipo atangoona nkhope yanga analitula pansi.

"Banabwela na motoka," ananong'ona. "Banati mipando yapelebela, mapulanga yankala chabe. Nenze nizachita bwanji? Ni ba kalongosi banga bakulu. Osati pano, chonde, napapata."

Ndikuganiza kuti ndikanapirira pakanapanda zolankhula. Koma itakwana nthawi yoti mwini mwana alankhule, alamu anga anagwira maikolofoni, nathokoza onse, kenako anandiloza.

"Na ba mulamu banga, ba pailoti, tibaombele mumanja! Imwe bonse mwankala pa mabenchi, lelo mwakwela ndeke. Mangani ma belt!"

Tenti yonse inafa ndi phwete. Azimayi ena anatambasula manja ngati mapiko n'kumapendama uku ndi uku. Ine ndinaomba nawo m'manja. Mpaka lero ndikakumbukira kuti ndinaomba nawo m'manja, ndimadzikwiyira ndekha.

Atamaliza anadzakhala pa benchi loyang'anizana ndi langa, mbale ili pabondo. Sindinathe kuwayang'ana kumaso, choncho ndinayang'ana pathabwa. Mbali imodzi ya thupi lawo inayambira ndendende pa kamzere ka nambala naini; inayo inapitirira pang'ono ka nambala thwelofu. Kunali kotentha tsiku limenelo, ndipo atanyamuka kukavina anasiya chidindo cha thukuta pa paini wouma uja. Ndinapitapo ngati ndikukatola kanthu, n'kuika zala pamene chidindocho chinapitirira kamzere. Zinakwana ziwiri. Mipata itatu ndi zala ziwiri: umenewo ndiwo unali muyezo wa alamu anga, ndipo ndinaulemba kuseri kwa khadi la ukwati.

Kudandaula ndinadandaula, kudzera mwa mkazi wanga monga mwa mwambo. Patapita mlungu kalole kanabwera n'kukhuthula pabwalo panga matabwa khumi ndi awiri aawisi, a mfundo paliponse, ena ali ndi simenti yomwe. Abale onse anati alamu ndi munthu wamtima: anatenga anayi, abweza khumi ndi awiri. Thabwa ndi thabwa, ankatero, ndipo ndikanati ndilankhulenso, wamwano ndikanakhala ine. Paja amati mbalame ikatera pa uta siilasika. Yangayi inatera pa uta n'kunyerapo. Matabwa awowo ndinamangira khola la nkhuku.

Ndipo nthabwala ija sinathere pa ukwati. Inatsika ndi alendo mpaka m'tauni. Ndikalowa mu minibasi, kondakitala ankauza anthu kuti amange ma belt poti pailoti wakwera. Pamsika, azimayi ogulitsa tinsomba ta kapenta ankanditambasulira manja. Munthu amene anayambitsa zonsezi ankagona tulo tabwino ku Shimabala.

Ndinapita kwa mdala ndi mapulani, n'kumuuza kuti za mipando iwiri ndazisiya. Ndikufuna umodzi, ndipo m'kati mwake mukhale masentimita makumi anayi ndi asanu, osapitirira. Imeneyo ndi mipata itatu yeniyeni, popanda zala ziwiri zija.

"Ni ndeke iyi olo ni bokosi ya malilo?" anafunsa.

"Ine nikwana," ndinatero. Ndipo ndinkakwanadi. Nthawi imeneyo ndinali wowonda ngati sipoko ya njinga.

Anatenga mapepalawo n'kukhala nawo masiku atatu. Pobwera anali akumwetulira, ati ndaganiza ngati injiniya. Thupi lopanikizika ndi lopepuka, ndipo silimbana kwambiri ndi mphepo. Ndeke ya munthu mmodzi ingathe kunyamulidwa ndi injini ya tigalimoto takale tija tooneka ngati kamba, yozizira ndi mphepo, imene tikanaipeza kwa amakanika a kuno konkuno. Mapiko afupika, ndiye sitifunikiranso matabwa ataliatali ovuta kupeza aja. Msana tingaupange ndi timatabwa topyapyala tomatikiza pamodzi, tolumikiza mopendeketsa, mfundo zonse titazidula n'kutaya. Ndinagwedeza mutu ngati zonsezo ndinali nditaziganizira kale.

Kuchokera apo chosankha chilichonse chinali ndi zifukwa ziwiri, cha mdala ndi changa. Phiko tinalikweza pamwamba. Iye ankati mabwalo a m'mafamu ali ndi udzu wautali, komanso woyendetsa aziona pansi bwino. Ine ndinkaona kuti wolowa ayenera kuwerama pansi pa phikolo n'kudzipinda, ndipo mimba ya alamu anga sinkapindika. Chitseko cha m'mbali ndinachikana. Mdala anavomera, ati kuboola chitseko kumafooketsa thupi la ndeke. Ine ndinkafuna munthu azilowera pamwamba ngati akulowa m'mgolo, kuti mbali ziwirizo zimugwire m'chiuno anthu onse akuona. Matabwa awiri oyenda m'mphepete mwa mpando ndinawasankha olimba kwambiri, n'kuwamata ndi guluu wa amisiri a maboti, wosakaniza mankhwala awiri, amene safewa ndi chinyontho cha dzinja ngati guluu woyera wa mipando. Mdala anayamikira kusamala kwanga. Ine ndinkangofuna kuti pasadzapezeke munthu wondinyengerera kuti ndikuzeko pang'ono.

Ndinkagwira ntchito ndili ndi chithunzi chimodzi m'mutu. Tsiku lomaliza ndeke, anthu atadzaza pabwalo, ndidzavula chipewa n'kunena mwaulemu wonse kuti, "Kwelani ba mulamu, munakamba kuti ndimwe first." Ndiyeno ndidzaima pambali n'kumaonerera. Mawu amenewo ndinkawayeserera ndikupala matabwa, ndipo pulena inkayenda mokoma.

Mkazi wanga analowa mu shedi thupi la ndekelo litayamba kuoneka. Anaima, tsache lili m'manja.

"Nanga mupando wanga uli kuti?"

Ndinamufotokozera za injini, za kulemera, za mphepo, zonse zija za mdala. Anamvetsera mpaka kumapeto.

"Injini, ai?" anatero.

Za Chanyanya sanazitchulenso, ndipo mu shedi anasiya kusesa.

Thupilo litatha sindinakhalemo. Mdala analetsa kuliponda lisanaime pa magudumu, ndipo panalibenso chifukwa, poti muyezo wanga ndinkaudziwa. Ndinalikulunga m'pulasitiki n'kulikweza kudenga, kulimanga ndi unyolo ndi loko, poopa kuti ku Shimabala kungadzachitikenso ukwati wina. Linakhala kumeneko zaka zisanu ndi chimodzi.

Zaka zimenezo ndinazithera pa mapiko, mchira, injini ndi pulopela. Pulopela ndiye malo okha amene ndinalola mukwa, timatabwa tisanu tomatikiza, ndipo ndinasema awiri n'kutaya ndisanapeze wachitatu wolemera mofanana mbali zonse. Nthiti za phiko ndi ntchito yokhala pansi: timitengo tochepa kuposa pensulo, kumata kamodzikamodzi, nthiti imodzi masiku awiri. Pakati pa zonsezi fakitale inatichotsa ntchito, njinga n'kuchita dzimbiri kuseri kwa nyumba. Mkazi wanga anatsegula kalesitilanti pamsewu kodyeramo oyendetsa malole, ndipo zotsala zonse, nshima, mitu ya nsomba, ziboda za ng'ombe, zinkabwera kwa ine. Lamba akathina ndinkaboola bowo lina, moyeza bwinobwino, osaganiza kanthu. Munthu amene ndinkayeza chilichonse cholowa mu shedi, ndekha sindinadziyeze.

Ku Shimabala ndinasiya kupitako. Ndinkamva kuti alamu apezeka ndi shuga, kuti kalole akagulitsa, kuti agonekedwa m'chipatala kawiri. Moni ndinkatumiza kudzera mwa mlongo wawo. Ndinene zoona, ndinkawapempherera kuti akhale ndi moyo, koma osati mwachikhristu. Ndinkafuna adzafike pa tsiku langa. M'maganizo mwanga anali akadali mipata itatu ndi zala ziwiri.

Tsikulo linafika m'nyengo yozizira ya chaka chatha. Mdala anati tisanaitane aboma oyendera ndeke, tiyambe taiika pa sikelo, choyamba yopanda munthu, kenako munthu ali pampando, kuti tidziwe pamene kulemera kwake kwakhazikika. Kukapendekera kumchira, ndeke imadzutsa mphuno n'kugwa. Kukapendekera kutsogolo, imakana kunyamuka. Tinabwereka masikelo atatu kwa ogula chimanga, imodzi pansi pa gudumu lililonse. Tinatsitsa thupi kudenga, kumanga mapiko, n'kuikankhira pabwalo. Inali yokongola, nsalu yake yoyera itakungika ngati chikopa cha ng'oma. Mbiri inayenda, ndipo pofika naini koloko anthu anali atadzaza mpaka pampanda. Ndinali nditauza mkazi wanga kuti aitane alamu.

Anabwera nawo mwana wawo wamkazi uja ndi mwamuna wake. Anali m'chijasi chachikulu, ndodo ili m'manja, ndipo anawakhazika pampando padzuwa. Nkhope ndinaiona kuti yagwa, koma chijasicho chinandinamiza. Ndinakondwa kwambiri kuti abwera.

Titatha kuyeza ndeke yopanda munthu, mdala anati, "Manje pailoti angene." Ndinamukwezera dzanja kuti adikire. Ndinapita pamaso pa alamu anga, ndinavula chipewa, ndipo mawu amene ndinawanola zaka zisanu ndi ziwiri anatuluka osaphonya ngakhale limodzi.

"Kwelani ba mulamu. Munakamba kuti ndimwe first."

Mkazi wanga anandiponyera diso limene sindidzaliiwala. Alamu anandiyang'ana. Kenako anaimirira n'kuvula chijasi.

M'chijasimo munalibe munthu. Munali jekete la pa ukwati lija likulendewera m'mapewa, ndi buluku atalipinda m'chiuno n'kulimanga ndi lamba wozungulira kamodzi ndi theka. Mkamwini wawo anawanyamula ngati mwana, ndipo popeza yekha sakanatha kuwadutsitsa pansi pa phiko, anandiitana kuti ndigwire miyendo. Ndinagwira. Ndi manja angawa ndinawatsitsira m'ndeke yanga. Analowa myaa, osakhudza mbali ngakhale imodzi. Uku kunatsala malo a chikhatho, ukunso chikhatho.

Anthu anaomba m'manja. Alamu anagwira ndodo yowongolera, kenako anasisita matabwa awiri a m'mphepete aja, amene ndinawamata kuti adzawagwire m'chiuno.

"Monga munachita kunipima," anatero, anthu n'kuseka. Kenako mawu anasintha. "Ba mulamu, ine ninakuonongelani mapulanga. Ba mudala aba bananiuza pambuyo kuti yanali ya zaka five. Nenze na nsoni, ndiye chifukwa sinenze kubwela. Manje onani, mwanisungila malo. Mulungu akudaliseni."

Ankalira, misozi ikutsikira m'makwinya. Azimayi a pampanda anayamba kupukuta m'maso ndi zitenje, ndipo wina anati anthu a mtima wotere atha masiku ano. Ine ndinaima pamenepo chipewa chili m'manja. Munthu ameneyu anandilanda matabwa, anandisandutsa choseketsa cha tauni yonse, ndipo tsopano anali kundilanda ndi kubwezera komwe, n'kundisiyira dalitso limene sindinalipemphe. Ndinafuna kukuwa kuti inde ndinakupimani, pa thukuta la matako anu! Chimene chinatuluka n'chakuti, "Musagwedezeke, ba mudala babelenga sikelo."

Atawatulutsa inali nthawi yanga. Ndinawerama pansi pa phiko, msana n'kulira. Ndinaponyamo mwendo umodzi, kenako wina, n'kudzitsitsa. Ndinatsika mpaka m'chiuno n'kuima. Ndinatulutsa mpweya wonse. Ndinavula jekete, kenako lamba, kenako ndinachotsa ndi foni yomwe m'thumba. Ndinayesa chammbali. Matabwa awiri aja anandigwira ndendende pamene ndinawaikira kuti adzagwire munthu, ndipo guluu wa maboti sanagonje ngakhale pang'ono. Phwete limene ndinalikonzera alamu anga linabwera lonse, pa nthawi yake, pabwalo lomwelo. Amene sanaseke ndi alamuwo ndi mkazi wanga basi.

Atandizula, mdala anabweretsa tepi n'kundiyeza ndili chiimire, anthu akuona.

"Wapitilila pang'ono chabe," anatero, natukula zala ziwiri.

Mwambi woyenera pamenepa ndikuudziwa, ndipo amene adzayerekeze kundiuza adzatulukira pageti msangamsanga.

Alamu anamwalira mvula isanagwe. Pa maliro ku Shimabala anandikhazikanso pa limodzi la mabenchi aja. Timizere tinali titafufutika, koma chala changa chinkadziwa pamene tinali. Wolankhula m'malo mwa banja ananena kuti chimene chinawasangalatsa kwambiri malemu m'masiku awo omaliza ndi kukwera ndeke ya mlamu wawo, ndipo anthu anatembenuka kundiyang'ana mwachikondi. Sindinawakhululukire. Ndayesa, koma ndikangoyamba ndimaona sowo wobuntha uja akudya msana wa phiko langa. Chondivuta n'chakuti mkwiyowo tsopano ulibe kopita, poti mwini wake anachoka atandidalitsa.

Kukuza mpando sikutheka popanda kumanga thupi lina. Zimenezo ndinazionetsetsa ndekha. Choncho ndeke ili mu shedi, sinaulukepo, ndipo aboma sindinawaitane. M'mawa uliwonse ndimayenda wapansi kukafika pa buliji ya mtsinje n'kubwerera, nshima ndimadya mtanda umodzi, ndipo mwezi ukayamba ndimadziyeza ndi tepi. Mlungu watha ndinapeza kuti chatsala chala chimodzi. Ndinathamangira kuseri kwa nyumba, kumene mkazi wanga ankapala nsomba, n'kumuuza kuti mvula ikamadzatha ndidzakhala nditalowa.

Sanadzutse mutu. Anamaliza nsomba imene inali m'manja, naiponya m'beseni, natenga ina.

"Chabwino," anatero. "Mukauluka, mukabwele muniuze mwamene Chanyanya ionekela."